Chigamba Chosafika ku Ndirande

Foni za Android zimene timagula ku Ndirande kapena ku Bangwe zimayendera Linux kernel, pulogalamu yaikulu yolamulira memore, kamera ndi zina zonse. Mu Okutobala 2016 akatswiri anatulukira mu kernel imeneyi bowo lotchedwa Dirty COW, lomwe linakhalamo zaka 9, lolola pulogalamu wamba kulanda ulamuliro wa foni yonse. Linus Torvalds, yemwe anayambitsa Linux, analitseka msanga, ndipo Google inayamba kutulutsa zigamba za Android mwezi uliwonse mu 2015. Koma chigambacho chimadzera kwa wopanga foni. Iye akasiya kutumiza, basi kwatha. Foni yakaunjika yochokera ku Joni imaoneka bwino, inde, komatu mudzasungamo Mpamba ndi Airtel Money. Musanalipire, tsegulani Settings muone deti la chigamba (security patch). Likakhala la 2019, ine sindingagule.

— Mlonda wa ku Chilomoni