Zimene Matope a Pansi pa Nyanja Akutiuza

M'chaka cha 2024, dzinja likutha, nyanja ya Malaŵi inakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo kuno ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Kwathu ku Lungwena, pamchenga pamene pankakhala mathandala a usipa panayamba kudutsa mabwato. Ambiri anaikwiyira Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, namati ndiyo ikutsekereza madzi. Komatu m'zaka za 2016 ndi 2017 nyanja yomweyi inali itatsika, mtsinje wa Shire unachepa mphamvu, ndipo magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka usiku. Owerenga, nyanja imene yatichita zonse ziwirizi m'zaka 8 zokha tiyenera kuifunsa mbiri yake.

Mbiriyo inalembedwa m'matope. Mu 2005 akatswiri a za miyala ndi nthaka, pakati pawo Christopher Scholz wa ku Syracuse University ndi Thomas Johnson wa ku University of Minnesota, anamanga makina oboolera pa chombo cha Viphya. Anaima pamalo pamene madzi ndi akuya mamita 592, naboola pansi pa nyanja mamita ena pafupifupi 380, n'kutulutsa matope m'mipope, a pamwamba pamwamba, a pansi pansi. Matope a kumapeto kwenikweniko anagona pamenepo zaka 1.3 miliyoni zapitazo.

Nanga matope angalankhule bwanji? Chaka ndi chaka fumbi, mungu wa zomera ndi tizamoyo takufa zimamira n'kukayalana pansi. Kupyola mamita 250 kutsika, madzi a m'nyanja yathu alibe mpweya wopuma zamoyo, choncho kulibe chovundula matopewo. Amasanjikizana bwinobwino ngati mapepala a m'buku, ndipo amakhala akuda. Koma nyanja ikaphwa, pamalo pomwepo pamagona mchenga, tizigoba ta tizilombo ta m'madzi osaya, ngakhale dothi la kumtunda. Wodziwa kuwerenga amatha kunena kuti apa madzi anali akuya, apa anali ofika m'chiuno.

Zimene anapeza n'zodzidzimutsa. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, ndipo pa nthawi ina nyanja inatsika pafupifupi mamita 600, madzi ake n'kuchepa ndi magawo 95 pa 100 alionse. Lipoti lina la mu 2015 linawerenga kuti m'zaka 1.3 miliyonizo nyanjayi inatsikapo mamita oposa 200 maulendo 24. Chigawo chathu chino cha kumwera, chimene tikuchiona tili pagombe la Lungwena, n'chosaya kwenikweni. Ndiye kuti maulendo onse 24 aja kuno kunalibe nyanja. Munthu akadakhalapo akadayenda wapansi kukafika pa chilumba cha Boadzulu. Ana anga a Fomu 4 nditawauza zimenezi anaseka, ndipo sindinawadzudzule, pakuti inenso poyamba sindinakhulupirire.

Akatswiri a za nsomba nawonso anapezapo chawo. Nyanja ya Malaŵi ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yochuluka siipezeka kwina. Mbuna zimakhala m'miyala ndipo sizikonda kuwoloka mchenga. Madzi akakwera, phiri limasanduka chilumba, mbuna za pamenepo n'kutsekeredwa pazokha mpaka kusiyana ndi abale ake. Akatsika, mitundu imakumananso n'kusakanikirana. Ambiri mwa akatswiriwa akuganiza kuti kukwera ndi kutsika kumeneku ndiko kunathandiza kubala mitundu imene inachititsa UNESCO kulemekeza Lake Malaŵi National Park mu 1984.

Wina anganene kuti zaka 100,000 n'zakutali, sizingamudetse nkhawa munthu wofuna ndiwo za lero. N'zoona, ndipo palibe katswiri amene akuti nyanja iuma mawa. Koma sitifunika mamita 600 kuti tilire. Madzi ambiri otuluka m'nyanja muno, oposa magawo 80 pa 100, amauluka ndi dzuwa. Shire amangotenga otsala, a pamwamba okha. Kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika mamita ochepa chabe, mchenga ndi bango zinatseka pakamwa pa mtsinjewo, ndipo Shire analeka kutuluka m'nyanja kwa zaka 20. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula, Tedzani kapena Kapichira, kunalibe minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ndipo mzinda wa Blantyre sunkapopa madzi ku Walker's Ferry. Lero zonsezi zikuyamwa mtsinje umodzi womwewo. Barrage ya ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965, ikhoza kuchedwetsa madzi kapena kuwafulumiza, koma singabweretse mvula ku mapiri a Nyika ndi a ku Tanzania kumene kumachokera mitsinje yodzaza nyanja.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya ife a m'mbali mwa nyanja. Mu 1980 madzi anakwera kuposa a mu 2024. Zaka zotsika zitatsatana, anthu anaiwala, nagula malo ndi kumanga nyumba za njerwa pamene makolo awo ankamangirira mabwato. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Chondiwawa ine monga mphunzitsi n'chakuti matope aja anapita ku America, malipoti ake analembedwa m'Chingerezi chovuta, ndipo mnyamata womaliza sukulu ku Lungwena, amene mwina adzakhala mlembi wa komiti ya pagombe, sanamvepo za iwo. Boma limayeza msinkhu wa nyanja, ndipo manambala ake alipo kuyambira 1896. Si ntchito yodula kuzika zipilala za simenti pagombe lililonse, kuyambira ku Malindi mpaka ku Makanjira, zolembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, zosonyeza pamene madzi anafika mu 1980 ndi mu 2024, kuti mfumu ikamagawa malo ndi munthu akamayala maziko aziona pamene pali mzere.