ZA MAIKO AKUNJA: Ana a Sukulu pa Ulendo wa ku Auschwitz

Caka ndi caka aphunzitsi a ku Ulaya amapita ndi ana a sukulu ku Auschwitz, m'dziko la Poland. Kumeneko boma la Hitler linapha anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo Ayuda, kufikira asilikali a Soviet Union anamasula otsala pa 27 January 1945. Malowa anasandutsidwa cikumbutso mu 1947.

Ana amaona milu ya nsapato, tsitsi lometedwa ndi masutikesi olembedwa maina a eni ace. Makolo ena angafunse ngati nkoyenera kuonetsa ana zoopsazi. Koma opulumuka akutha ndi ukalamba, ndipo alipo anthu okana kuti Ayuda 6 miliyoni anaphedwa. Mwana amene waona nsapatozo ndi maso ace sanganamizidwe.