Ovaloko kaye, coverstitch idikire

Anzanga, makamaka inu a Fomu 4 amene mukuganiza zoyamba kusoka mukamaliza MSCE, ndili nanu mawu. Pa TikTok ndi pa Facebook pakuoneka makina osokera amitundumitundu, ndipo ena mwa ife ayamba kulota makina otchedwa coverstitch. Ine maganizo anga ndi awa: ngati pakhomo pali kale makina wamba, kaya Singer kaya Butterfly ya agogo, ndipo ndalama ikukwana makina amodzi okha owonjezera, gulani ovaloko.

Poyamba tiwasiyanitse, chifukwa ambiri timangoti onse ndi makina a ulusi wambiri basi. Tembenuzani tisheti iliyonse muone msoko wa m'mbali. Ulusi umene wakulunga m'mphepete mwa nsalu ngati kaukonde, imeneyo ndi ntchito ya ovaloko. Makinawa amasoka ndi ulusi utatu kapena unayi, alibe bobini, ndipo ali ndi kampeni kamene kamadula nsalu yotsala uku akusoka. Amadula, kulumikiza ndi kutseka m'mphepete nthawi imodzi.

Tsopano onani mpendero wa m'munsi mwa tisheti yomweyo. Kunja kuli mizere iwiri yoyendera limodzi, mkati muli ulusi wolukanalukana. Imeneyo ndiye coverstitch. Ili ndi singano ziwiri kapena zitatu, ilibe mpeni, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kupendera nsalu zotamuka kuti ulusi usaduke munthu akamavala.

Ndiye tidzifunse: telala wa pakhomo kuno kwathu amasoka chiyani? Madiresi ndi masiketi a chitenje, mayunifomu a sukulu, zovala za kwaya, za chinkhoswe ndi za ukwati. Nsalu zimenezi sizitamuka, koma mukangozidula zimayamba kuthothoka ulusi m'mphepete. Chovala chosatsekedwa mkati chikachapidwa kangapo, msoko umayamba kumasuka, ndipo mwini wake sabweranso. Choipa kwambiri, amakauza anzake kutchalitchi ndi kuchigayo. Vuto limeneli amathetsa ndi ovaloko. Coverstitch pa chitenje ilibe ntchito yeniyeni, chifukwa mpendero wa chitenje makina wamba aja amausoka bwinobwino.

Wina anena kuti, "Aise, ine ndikufuna kusoka majezi a mpira ndi matisheti, komanso kuchepetsa za pakaunjika." Chabwino, koma werengani misoko ya jeziyo. Mapewa, m'mbali ndi polumikiza mikono, monsemo ndi ovaloko. Coverstitch imangobwera pomaliza, kumunsi ndi kumapeto kwa mikono. Mukhala ndi makina opendera jezi imene simungathe kuilumikiza bwino? Komanso ngati makina anu amasoka zigizagi, mutha kugula singano yapawiri, ya mano awiri, imene imatulutsa mizere iwiri yofananako ndi ya coverstitch. Situtamuka mofanana ndi yeniyeniyo ayi, koma poyambira ikwanira. Chenjezo lokha ndi lakuti makina akuda akale aja, osoka mzere woongoka okha, singano imeneyi salandira.

Sindikunena kuti ovaloko ndi yophweka. Kulowetsa ulusi unayi, uliwonse m'njira yake ndiponso motsatana bwino, kumafuna mtima wodekha. Mumagula makoni a ulusi anayi m'malo mwa imodzi. Kampeni kaja kakaluma phini kamabuntha, ndipo kakadula nsalu ya kasitomala molakwika palibe kubweza. Makina ambiri a ovaloko a pakhomo ndi amagetsi, ndiye magetsi akathima nawonso agona. Koma coverstitch nayo imafuna magetsi omwewo ndi makoni omwewo, pomwe masiku ambiri izingokhala yofunditsidwa nsalu pakona.

Ovaloko ili ndi ubwino winanso: imabweretsa ndalama ngakhale musanatchuke. Atelala amene alibe makinawa amapita nazo zovala kwa mnzawo kuti akawatsekere m'mphepete, n'kulipira pa chovala chilichonse. Mukakhala nayo pamalo pomwe palibe wina, atelala anzanu omwe amasanduka makasitomala.

Nanga amene alibe ndalama ya ovaloko? Musataye mtima. Phunzirani msoko wa French, umene mumasoka kawiri, poyamba kunja kenako mkati, mpaka m'mphepete mothothoka muja mubisike. Umatenga nthawi, koma makina opalasa ndi mapazi amaukwanitsa popanda magetsi. A Clothing and Textiles, tiphunzitseniko enafe. Amene mukufuna luso lenileni, funsani aphunzitsi za maphunziro a zosoka a TEVETA.

Mukamakagula ovaloko, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito, tengani kachidutswa ka chitenje ndi ka tisheti yakale. Wogulitsayo asoke muli pomwepo, kampeni kadule mukuona, ndipo mufunse ngati singano zake zimapezeka pafupi. Akayamba zoti "mukayesera kunyumba," bwezani ndalama yanu m'thumba.