Tsokonombwe Adatha Mtunda N'kudumpha

Chaka chilichonse, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, anyamata ndi atsikana ambirimbiri amabwerera kumudzi kapena kumakomboni a m'tauni kukadikira. Ena amadikira malo ku koleji, ena yankho la kalata yofunsira ntchito, ndipo ena sadziŵa n'komwe chimene akudikira. Pakati pa achinyamata ameneŵa pali ena amene ife aphunzitsi timawadziŵa bwino: uja ankalemba ndakatulo kumasamba akumapeto a kope la masamu, uja ankabwereka gitala ya kwaya mapemphero akatha, ndi uja ankajambula nkhope ya mphunzitsi pachikuto cha buku mpaka kalasi lonse kufa nalo phwete. Kaŵirikaŵiri zitatu zonsezi zimapezeka mwa mwana mmodzi yemweyo. Tsono funso limene tikufuna kulingalira m'gawo lino ndi ili: kodi luso limeneli limathera kuti mwanayo akachoka pasukulu?

Yankho lake ndi lomvetsa chisoni. Nthaŵi zambiri lusolo limangofota lokha popanda woliletsa, chifukwa mwini wake amaliika pambali kuti adzalitole zinthu zikadzakhala bwino. Amati adzalemba buku akadzapeza ntchito, adzaphunzira bwino gitala akadzagula yakeyake, adzajambula akadzapeza utoto wa m'sitolo. Ntchito ikapezeka pamabwera banja, banja likakhazikika pamabwera fizi ya ana, ndipo tsiku lija silifika. Ife tikuti maganizo ameneŵa ndi olakwika kuyambira patsinde. Luso ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, yogwiridwa m'timaola totsala, monga mmene munthu amathirira dimba lake m'mamaŵa asanapite kwina.

Makolo athu ankazidziŵa bwino zimenezi. Agogo amene ankasimba nthano madzulo, ana akuvomera kuti "tili tonse," anali ataswera tsiku lonse ndi khasu m'manja. Ndipo nthano yawo ikafika pakati inkasanduka nyimbo, pakuti wosimba nthano analinso woimba. Amayi ankapeka nyimbo zawo pamtondo, kugunda kwa musi kukhala ng'oma, ndipo amayi omwewo akamaliza kuzira nyumba ankakongoletsa khoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Kumapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zithunzi zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama; zoyera zidajambulidwa ndi Acheŵa, alimi, ndipo zambiri zimakhudza miyambo ya chinamwali ndi nyau. Anthu ameneŵa sadataye uta kapena khasu kuti atchedwe ojambula. Mawu, nyimbo ndi chithunzi zinkayendera limodzi ndi ntchito yopezera chakudya.

Sukulu zitafika, alembi athu oyamba adatsata njira yomweyo. Samuel Yosia Ntara anali mphunzitsi wa m'masukulu a mishoni ya Nkhoma, wokhala ndi kalasi lake ndi makope ake ochonga. Komabe m'maola otsala adalemba buku la Nthondo, limene lidapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa wokonzedwa ndi bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo lidasindikizidwa m'chaka cha 1933. Chaka chotsatira lidatuluka m'Chingerezi ndi dzina loti Man of Africa, atalimasulira T. Cullen Young. Pambuyo pake Ntara adasonkhanitsa zimene akuluakulu ankakumbukira mpaka kulemba Mbiri ya Acheŵa. Akadadikira kuti ayambe wapuma pa uphunzitsi, bwenzi Nthondo kulibe.

Nanga nthaŵi yake imapezeka bwanji? Mlembi wina wa ku England, Anthony Trollope, adatisiyira yankho lomveka bwino. Iyeyu adagwira ntchito ku positi ofesi kuyambira 1834 mpaka 1867, ndipo mabuku amene adamutchukitsa adawalemba akadali pa ntchitoyo. Pa moyo wake wonse adalemba mabuku a nkhani zopeka 47. M'buku la mbiri ya moyo wake adafotokoza kuti ankakhala patebulo nthaŵi ya 5:30 m'maŵa, wotchi ili patsogolo pake, n'kudzilamula kulemba mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse. Maola atatu akatha ankatseka zolembazo kuti akonzekere za ku ntchito. Sitikunena kuti aliyense athamange liŵiro la Trollope, koma tiyeni tichite masamu. Mawu 200 pa tsiku, amene ndi tsamba limodzi chabe la kope, akachulukitsidwa ndi masiku 300 amakwana mawu 60,000, ndiye kuti buku lathunthu. Paja akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Choncho tsiku la mmisiri wotere ndi losavuta kulilongosola, ngakhale kulisunga kumafuna mtima wolimba. M'maŵa, mutu usanadzaze ndi phokoso la tsikulo, ndi nthaŵi ya cholembera. Masana, kaya munthu ali kumunda, kaya pabenchi yogulitsira malonda, kaya pasiteji akudikira minibasi kuti idzaze, m'thumba mwake mukhale kakope ndi pensulo. Mmenemo alembemo mawu okoma amene wamva kwa mayi wogulitsa matemba, ajambulemo mmene wakabaza amaŵeramira pokwera mtunda, asungemo mzere wa nyimbo umene wamufikira panjira usanathaŵe. Madzulo, zala zikhale pa nsambo za gitala kapena banjo kwa theka la ola. Zala zimene zimakhudza nsambo tsiku lililonse zimachita zikang'a n'kuleka kuŵaŵa, pamene za munthu woimba kamodzi pa mwezi zimayambanso kupweteka ulendo uliwonse. Dzanja lojambula ndi mutu wolemba nazonso zimatero.

Wina anena kuti mapanga aŵiri avumbwitsa, nanga atatu? Mawu ameneŵa ali ndi nzeru, ndipo ndi zoona kuti munthu ayenera kudziŵa luso limene lili mzati wa nyumba yake, enawo akhale mapaso. Koma maluso atatuŵa amadyetsana. Chicheŵa ndi chinenero chimene kukweza ndi kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana koma samveka mofanana. Mlembi amene khutu lake lidazoloŵera nyimbo amamva msanga pamene chiganizo chake chikutsimphina, makamaka akachiŵerenga mokweza. Mlembi amene amajambula sangalembe kuti "panali nkhalamba ina" n'kulekera pomwepo, pakuti pensulo idamuphunzitsa kuyang'anitsitsa makwinya a pamphumi ndi kagwiridwe ka ndodo. Nayenso wojambula amene amalemba amadziŵa kuti chithunzi chiyenera kunena kanthu, monga ankachitira Brian Hara ndi Pewani wake mu Malaŵi News, amene m'timabokosi toŵerengeka ankasimba nkhani yonse.

Chitsanzo chachikulu cha kudyetsana kumeneku ndi Rabindranath Tagore wa ku India, amene adakhala ndi moyo kuyambira 1861 mpaka 1941. Adalandira mphotho ya Nobel ya zolembalemba m'chaka cha 1913, adapeka nyimbo zoposa 2,000, ndipo nyimbo za fuko za India ndi Bangladesh ndi zake. Analinso mphunzitsi, pakuti adatsegula sukulu ku Santiniketan m'chaka cha 1901. Kujambula adakuyamba mwamphamvu atapitirira zaka 60, ndipo chiyambi chake chinali chodabwitsa: pofufuta mawu olakwika m'zolemba zake, ankalumikiza mizere yofufutirayo mpaka kutulukamo mbalame, zilombo ndi nkhope za anthu. Pofika 1930 zithunzi zake zidaonetsedwa ku Paris. Luso lachitatu lidamera pa zinyalala za luso loyamba, patebulo lomwelo la tsiku ndi tsiku.

Komatu Tagore adabadwira m'banja lolemera, ndipo wachinyamata wa kwathu kuno akhoza kufunsa kuti, "Nanga ine wopanda ndi kobiri lomwe, zipangizo ndizitenga kuti?" Apa tibwerere kwathu. Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi mwa Singano kufupi ndi Chileka, ankaimba nyimbo za kwela m'misewu ya Blantyre ndi gitala, chitoliro ndi besi ya chingwe chimodzi yopangidwa ndi bokosi. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo m'chaka cha 1967, ndipo nyimbo zawo zidafika mpaka ku Ulaya. Allan Namoko, amene anali wosaona, adagwedeza dziko lino ndi banjo pamodzi ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Aŵiri a Madalitso Band ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni yodzipangira okha asanaitanidwe ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar m'chaka cha 2017. Onseŵa pamene mwayi unkawapeza anali akuimba kale. Chigubu cha mafuta, thabwa ndi waya zimabala banjo. Khala la pamoto ndi katoni zimakwanira kuphunzirira kujambula. Kope ndi bolopeni ndiye chuma chonse cha mlembi woyamba kumene.

Masiku ano ambiri ali ndi foni m'manja, ndipo foniyo ikhoza kujambula mawu a nyimbo, kusunga chithunzi ndi kutumiza ndakatulo kutali m'kanthaŵi kochepa, zinthu zimene Ntara sadazilote. Koma foni yomweyo ndiyo mbala yaikulu ya timaola totsala tija. Amene amati alibe nthaŵi yolemba aŵerenge kaye maola amene wathera pa WhatsApp ndi Facebook sabata imodzi. Palinso msampha wina: kuthamangira kuonetsa anthu ndakatulo imene yalembedwa m'maŵa womwewo pofuna kuyamikiridwa. Nthochi yothyoledwa yosakhwima sikoma ngakhale uivundike. Cholembedwa chigone kaye masiku angapo, chiŵerengedwenso, chidulidwe, chikonzedwe.

Pa nkhani ya ndalama tisanamizane. M'dziko muno ndi anthu oŵerengeka okha amene amadya za cholembera, nsambo kapena burashi basi. Ogula mabuku ndi ochepa, ndipo nyimbo zimakopedwa mwaulere kuchoka pafoni kupita pafoni. Ndi chifukwa chake tikulangiza wachinyamata kuti asanyoze munda, geni kapena ntchito ya ukalaliki ngati mdani wa luso lake. Ntchitoyo ndiyo imagula kope, ndiponso ndiyo imamuika pakati pa anthu amene adzakhale nkhani zake. Tindalama tina tikhoza kubwera: kulemba zikwangwani za magolosale, kujambula zithunzi zophunzitsira, kuimba paukwati, kutumiza nkhani ku nyuzipepala. Amene ntchito yake yayamba kumveka akalembetse ku bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti liteteze ufulu wa eni luso. Koma amene aloŵa m'luso pofuna kulemera msanga adzatulukamo msanga.

Chotsala ndi anzake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mmisiri wokhala yekha saona zolakwa zake. M'chaka cha 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College adayambitsa kagulu kotchedwa Writers Group, kamene kankakumana sabata ndi sabata kuŵerengerana zolemba ndi kudzudzulana mosapsatira. M'kagulu kameneka mudatuluka alakatuli monga Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande. Chimene kaguluka kankafuna chinali chipinda, mapepala ndi anthu osunga pangano. Kodi ndi sukulu iti ya sekondale, ngakhale yoyendera ya kumudzi kwenikweni, imene ingalephere zinthu zitatuzi?

Apa ndi pamene pali udindo wathu aphunzitsi. Mayeso akayandikira, chinthu choyamba kuponderezedwa pasukulu ndi kwaya, kalabu ya alembi ndi zisudzo, ngati kuti zimenezi ndi zoseŵeretsa. Mwana wopezeka akujambula m'kalasi amalandidwa pepala n'kupatsidwa chibalo, ndipo amachoka pasukulu atakhulupirira kuti chimene dzanja lake limadziŵa bwino ndi mlandu. Inde, nthaŵi ya masamu ikhale ya masamu. Koma mphunzitsi wanzeru akalanda pepalalo amaliyang'ana kaye, kenaka n'kumuuza mwanayo kuti ajambule mtima wa munthu kapena mapu a Malaŵi opachika pakhoma la kalasi. Ola limodzi Lachisanu masana, bolodi limodzi lokhomapo ndakatulo ndi zithunzi, ndi khomo lotsegukira ngakhale amene adamaliza kale Fomu 4 kuti azibwera kudzaŵerenga zawo: zimenezi sizifuna thumba la ndalama. Ndipo ana adzakhulupirira msanga mphunzitsi amene nayenso ali ndi kope lake la zolemba.

Kwa inu amene mwamaliza sukulu, masiku odikiraŵa ndi chuma chimene simudzakhala nachonso. Ntchito ikadzapezeka mudzakhala ndi ndalama zochepa ndi nthaŵi yochepetsetsa. Chizoloŵezi chimene chidzapirire masiku amenewo ndi chokhacho chimene mwachidzala lero, pakuti mmera mpoyamba. Sankhani ola lanu, lembani deti pamwamba pa tsamba, ndipo maŵa mudzalembenso deti lotsatira. Kope likadzaza musalitaye kapena kukulungira usipa; lisungeni pouma, mugule lina. Pakadzatha chaka mudzayerekeze tsamba loyamba ndi lomaliza, ndipo mudzaona nokha mtunda umene mwayenda.