Si kutentha thupi kulikonse kuli malungo

Amalawi tinazolowera kuti thupi likatentha, mutu ukawawa, basi ndi malungo. Koma amene amapita kukaoda katundu ku Dar es Salaam ayenera kudziwanso matenda a dengue. M'chaka cha 2019 matendawa anagwira anthu masauzande mumzindawu, ndipo mu 2014 anabuka ku Pemba ndi ku Nampula m'dziko la Mozambique. Bungwe la WHO linalandira malipoti a odwala oposa 14 miliyoni padziko lonse mu 2024.

Dengue imafala ndi udzudzu wa Aedes, wakuda wa mizere yoyera, womwe umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo. Choncho neti ya usiku payokha siyokwanira. Ambiri amachira patatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma mwa ena mitsempha ya magazi imayamba kuchucha madzi, magazi amatuluka m'mphuno ndi m'nkhama, ndipo munthu atha kufa.

Nkhawa yathu ili pa anthu a mphumu ndi amene thupi lawo limadana ndi zinthu zina monga fumbi, zakudya kapena mankhwala, mpaka kutuluka ziwengo. Pa mliri wa mu 1981 ku Cuba, anthu oposa 344,000 anadwala ndipo 158 anamwalira, 101 mwa iwo ana. Madokotala a kumeneko anapeza kuti mphumu inali imodzi mwa nthenda zomwe zinkapezeka kwambiri mwa odwala mwakayakaya. Kafukufuku wa m'mizinda ya Salvador ndi Fortaleza ku Brazil, yemwe anatuluka mu 2010, anaonetsanso kuti anthu a vuto lodana ndi zinthu amene ankamwa mankhwala a steroid, komanso a shuga, anali pachiopsezo choposa kawiri.

Chifukwa chake n'chomveka. M'khungu ndi m'mapapo muli timaselo totchedwa mast cells, tomwe timatulutsa mankhwala otupitsa thupi munthu akakumana ndi chomwe amadana nacho. Akatswiri a ku Singapore anaonetsa mu 2013 kuti kachilombo ka dengue kamautsa timaselo tomweti, ndipo zomwe timatulutsa zimafooketsa mitsempha ya magazi.

Apa sitikuti aliyense wa mphumu adzadwala mwakayakaya, ndipo asasiye mankhwala ake popanda kuuzidwa ndi dokotala. Pempho lathu n'lakuti wobwera kuulendo thupi likutentha athamangire kuchipatala, anene komwe anali ndi matenda omwe ali nawo kale. Akapezeka kuti alibe malungo, asakagule mankhwala pa okala. Aspirin, Brufen ndi diclofenac amawonjezera kutaya magazi. Panado ndi madzi akumwa ambiri ndiye zoyenera.

Makolo, samalani nthawi yomwe thupi layamba kuzizira, pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Kupweteka kwambiri m'mimba, kusanza kosalekeza, kufooka ndi kutuluka magazi ndi zizindikiro zobwerera kuchipatala msanga, ngakhale pakati pa usiku.

Unduna wa Zaumoyo nawo uonetsetse kuti zipatala za m'malire, kuyambira ku Karonga, zili ndi zipangizo zoyezera dengue. Ife tonse tivindikire migolo ya madzi, titaye matayala akutha ndi zitini zomwe udzudzuwu umaswanamo. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.