Tabuleti Siingayankhule M'malo mwa Mwana

Ndatsala pang'ono kumaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo ndinene poyera: ndikakalowa m'kalasi kwathu kuno ku Nkhotakota, foni ikalowa nane. Wokwiya akwiye. Koma inu okonda zamakono musafulumire kundiombera m'manja, chifukwa mlanduwu ukukukhudzaninso.

Taganizirani mwana wa ku Chia kapena wa ku Dwambazi. Wina amadzuka m'Chichewa, wina m'Chitonga. Kugombe, kumsika, kumadrasa, kutchalitchi, palibe pomwe Chingerezi chimamufuna. Akafika Sitandade 5, mwadzidzidzi maphunziro onse kupatula Chichewa atembenukira m'Chingerezi. Pa MSCE ndiye kulibe chisoni: kulephera Chingerezi, satifiketi palibe, ngakhale masamu atawakhoza bwanji. Chilankhulo chagwira tsogolo lake lonse, koma iye mwini amachitulutsa kangati pakamwa patsiku? "Yes, madam." Basi, yatha.

Matenda athu ndi amenewo: ana achete. Choncho chipangizo chilichonse cholowa m'kalasi ya Chingerezi ndimachifunsa funso limodzi: kodi chimutsegula pakamwa mwanayu?

Mu 2023 boma linayamba pulogalamu ya BEFIT, matabuleti ochajidwa ndi sola a ana a Sitandade 1 mpaka 4, ophunzitsa kuwerenga ndi masamu. Ndi ntchito yabwino, sindikutsutsa. Chondinyansa ndi maganizo amene afalikira pakati pa ife aphunzitsi a mawa, oti galasi lowala ndiye mankhwala a zonse. Mwana wovala mahedifoni, chala pagalasi, amaoneka bwino pachithunzi cha pa Facebook. Koma ali zii. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale Tikwere ya pawailesi ija inkadziwa zimenezi: inkasiya mpata woti ana ayankhe mokweza.

Palinso anzanga ena ochenjera, ofunsa ChatGPT kuti iwalembere phunziro, n'kukakopera pabolodi nkhani ya mwana woseweretsa chipale chofewa. Aise, ku Linga? Kumene ana amabwera kusukulu thukuta lili kamukamu? Kumeneko n'kungosintha mwini manotsi, ulesi ndi womwewuja.

Mbali inayo kuli akuluakulu oti foni imawononga ana, bandulo ndi yodula, netiweki imavuta, makolo ambiri sangakwanitse. Zonsezi n'zoona. Koma zimene ndikufuna ine sizilira bandulo, sizilira foni ya mwana aliyense. Foni imodzi, yanga yomwe, ndi kasipika ka Bluetooth kotchipa.

Ana m'magulu. Gulu lina lifotokoze m'Chingerezi momwe asodzi amaponyera chilimira usiku ndi nyali. Lina momwe chinangwa amachiviikira mpaka chikhale kondowole. Lina za mpasa wokwera mtsinje wa Bua. Mphindi imodzi yokha, ndijambule mawu, timvere limodzi. Adzaseka, inde. Kenako wina adzati, "Apo wanena 'he go', bwerezanso." Galamala imene bolodi lalephera kuilowetsa teremu yonse, khutu lidzaigwira lokha. Ndipo mnyamata amene amathawa sukulu kukakoka khoka, tsiku limenelo ndiye katswiri, chifukwa nkhaniyo amaidziwa kuposa ine. Chomusowa ndi mawu chabe, ndipo kumupatsa mawuwo ndiyo ntchito yanga.

Mawu ojambulawo sadzapita pa TikTok. Ana a eni si zida zopezera ma like.

Ndiye anzanga amene tikulowa limodzi ntchito ya chokoyi, musandiwerengere matabuleti kapena ma app amene muli nawo. Ndiuzeni chinthu chimodzi: lero mtsikana wokhala kumbuyo kwenikweni uja wayankhula ziganizo zingati zakezake? Ngati yankho ndi ziro, zimitsani chipangizocho. Nyali yowala pabwato lopanda ukonde siibweretsa ndiwo kunyumba.