Chisomo Nchaulere, Nanga Khadi Mukulifuniranji Pamaliro?

Kuyambira ku Nathenje mpaka ku Mitundu, kukafika m'midzi ya m'mphepete mwa Dzalanyama, palibe mpingo umene ungavomere kuti umagulitsa chipulumutso. Funsani abusa, funsani abambo ansembe, funsani mneneri wa m'tenti, onse akuuzani kuti munthu amapulumuka mwa chisomo cha Mulungu. Koma dikirani wina amwalire. Uthenga ukangofika kwa akulu a mpingo, m'malo ambiri funso loyamba silikhala la ana amene atsala. Amafunsa kuti: khadi lake lili kuti? Ankapereka? Mgonero anadya liti komaliza? Khadi likapezeka ndi mipata, kwaya siibwera, amayi ovala yunifolomu sabwera, ndipo munthu amakaikidwa mwakachetechete ngati wakuba. Kwina achibale amachita kusonkherana kuti atseke ngongole ya chopereka, mtembo uli m'nyumba.

Ine ndikuti uku nkugulitsa chisomo. Mutha kukutchula dzina lina lokoma, monga mwambo kapena dongosolo, koma mayi wamasiye amene wakhala pasiwa popanda nyimbo amamva uthenga umodzi basi: amuna anu sanalipire, ndiye Mulungu sawadziwa.

Chomvetsa chisoni nchakuti nkhondo imeneyi inamenyedwa kalekale. Mu 1517, ku Wittenberg m'dziko la Germany, Martin Luther analemba mfundo 95 zotsutsa malonda a zikalata zokhululukira chilango cha machimo, amene Johann Tetzel ankayenda nawo m'mizinda. Mkwiyo wa Luther unali woti anthu osauka ankakhulupirira kuti ndalama ingatsegulire malemu awo khomo lakumwamba. Mipingo yambiri ya kuno ndi zidzukulu za mkwiyo umenewo. A Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo mu 1896 mishoni inakhazikika ku Nkhoma, kufupi ndi Nathenje konkuno. Chimodzi mwa ziphunzitso zimene anabwera nazo ndi Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563. Bukuli lili ndi zigawo zitatu: tsoka la munthu, chiombolo chake, ndi kuthokoza. Ntchito zabwino anaziika m'chigawo chachitatu. Tanthauzo lake nlosavuta: umachita zabwino chifukwa wapulumutsidwa, osati kuti upulumutsidwe. Ntchito ndi zikomo, si malipiro.

Ndipo amene mumakonda kunyoza Akatolika pa WhatsApp kuti amadalira ntchito, nkhani yanu inatha ntchito. Pa 31 Okutobala 1999, ku Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran padziko lonse anasainirana chikalata chogwirizana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwake, ndi kuti Mzimu Woyera ndiye amam'konzekeretsa kuchita zabwino. A Methodist anavomereza chikalatacho mu 2006, bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse linavomereza mu 2017, ku Wittenberg komweko. Eni mkangano anagwirana chanza. Ife tatsala ndi bandulo yathu kumatukwanizana za mavesi, pomwe vuto lenileni lili pamanda.

Ndikudziwa zimene akulu a mpingo angandiyankhe, ndipo sindizipeputsa. Ati mpingo suyenda ndi mpweya: abusa amadya, denga la tchalitchi limadontha, ndipo si chilungamo kuti munthu azembe zaka 10 kenako afune mwambo wonse. Ati chilango cha mpingo chilipo kuti Mkhristu asachite zofuna zake. Ati, komanso, nyimbo za pamaliro sizipulumutsa munthu.

Chabwino, tiyambire pomalizapa. Ngati nyimbo sizipulumutsa, ndiye mukazimana mukulanga ndani? Wakufa samva. Salapanso. Amene akumva ululu ndi mkazi wake, ana ake, mayi ake okalamba, amene mwina ndi amene sajomba ku mapemphero a m'mawa. Chilango chimathandiza munthu wamoyo amene angabwerere. Kulanga mtembo nkuopseza otsala kuti azilipira, ndipo chopereka chamantha si chothokoza ayi, ndi inshuwalansi ya maliro. Ngati ndi inshuwalansi, neneni poyera, mulembe mitengo pakhoma, tidziwe kuti tili ku kampani.

Chachiwiri, khadi silinena zoona za munthu. Limanena za thumba lake. Mlimi amene fodya wake sanayende bwino ku okushoni, kapena amene chimanga chake chinapsa ndi ng'amba, ndiye amakhala ndi mipata. Wakatapila amene wakhala akulanda mbuzi ndi njinga za anzake amalipira chaka chonse kamodzi, Pepa Sande ikafika amaponya zambiri, ndipo tsiku lake lomaliza kwaya zimachita kulimbirana. Kodi uwu ndiye muyeso wa ntchito zabwino? Ngakhale amene amakhulupirira kuti ntchito zimapulumutsa sangavomere muyeso wotere. Nanga wachifwamba uja amene anapachikidwa pambali pa Yesu, wa m'Luka 23, anali ndi khadi la mpingo uti? Akanafera kwathu kuno, bwenzi adzukulu atamuika okha.

Tsono musandimve molakwa, amangwetu. Sindili kumbali ya anzathu aja amene chisomo anachisandutsa bulangete lofundira chilichonse, amene amati poti Yesu analipira, iwo azichita zimene akufuna. Ambiri mwa alaliki a mtundu umenewu ndi omwenso amakuuza kuti ubzale mbewu ya ndalama kuti mwayi wako utseguke, kenako nkukugulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa. Tetzel yemweyo, wangovala suti yonyezimira. Paulo amene analemba m'Aefeso 2 kuti chipulumutso ndi mphatso, pavesi 10 pomwepo akunena kuti tinalengedwera ntchito zabwino. Yakobo naye, m'mutu 2 wa kalata yake, sanalankhule za chopereka cha pamwezi. Chitsanzo chake ndi m'bale wausiwa ndi wanjala amene umam'funira mafuno abwino osam'patsa kanthu.

Apa ndi pamene ndikuona kuti zinthu tinazitembenuza. Pamene pakufunika chisomo, timafunsa ntchito. Pamene pakufunika ntchito, timathawira ku chisomo.

Mukufuna kuona ntchito za Akhristu a Lilongwe? Musayang'ane m'kaundula wa mpingo. Imani m'mbali mwa msewu wa ku Mitundu m'bandakucha muone njinga zosenza matumba a makala zikulowera m'tauni. Nkhalango ya Dzalanyama, ya mahekitala pafupifupi 99,000, ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene mzinda umamwa. Inadulidwa mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa. Amene amagwidwa, kulandidwa njinga ndi kulowa m'chitokosi ndi mnyamata wa kumudzi amene alibe pena popezera ya sopo. Amene amaotcha nyama pa makala omwewo ku Area 47, amene ali ndi malole onyamula matumba usiku, amene amalandira kangachepe kuti atseke maso, ambiri mwa iwo Lamulungu amakhala pa mipando ya kutsogolo. Makhadi awo ndi odzaza bwino. Ndi kangati pamene munamva kuti bwalo la mpingo laitana munthu chifukwa chopha mtsinje umene anzake amamwa? Pamenepo timati tonse ndife ochimwa, Mulungu ndi wachifundo, tisaweruze. Koma mtsikana wa zaka 17 akatenga mimba, kapena gogo akalephera kupereka, chifundo chija chimasowa.

Ntchito zimene Yesu anazitchula m'Mateyu 25 nzodziwika: kudyetsa wanjala, kumwetsa waludzu, kulandira mlendo, kuveka wausiwa, kuzonda wodwala ndi wam'ndende. Palibepo risiti. Ndipo ngati kumwetsa waludzu ndi ntchito ya Mkhristu, kusunga gwero la madzi a mzinda wonse si nkhani ya a zankhalango okha. Ndi nkhani ya paguwa.

Ndiye pempho langa kwa abusa, abambo ansembe ndi akulu a mipingo, ndi ulemu wonse, nali. Lekanitsani buku la ndalama ndi mwambo wa maliro. Munthu akasiya kupereka, mupiteni akali moyo, mukamufunse chavuta nchiyani. Mwina mukapeza kuti m'nyumbamo agona ndi njala masiku awiri. Akamwalira, pitani mukaimbe, chifukwa amene mukukawatonthoza ndi amoyo, ndipo uthenga wa chisomo sumveka bwino pena paliponse kuposa pamanda a munthu amene analibe chodzitamandira. Ukali umene mumausungira mitembo, muutembenuzire kwa amoyo amene ali ndi mphamvu: wakatapila, wakatangale, mwini lole ya makala, bambo womenya mkazi wake.

Kwa anzanga achinyamata, ife amene timadziwa mavesi onse a mkanganowu pamtima: wakutsina khutu ndi mnansi. Mawa akulu a mpingo ndife. Makaundula amenewa adzakhala m'manja mwathu, mwinanso adzakhala pa foni, ndipo kudzakhala kosavuta kuona amene sanalipire. Tsiku limenelo wina adzabwera m'mamawa, maso ali ofiira, kudzanena kuti bambo ake atisiya. Ngati timakhulupiriradi zimene timalemba pa Facebook, tidzam'funsa kuti mwambo uyamba nthawi yanji, osati kuti khadi lili kuti.